Chikomekome cha mkuyu: chifukwa chake matimu a NFL amaphonya posankha quarterback

Mu Malichi 2021, m'bwalo lofolera la yunivesite ya Brigham Young ku Provo, m'chigawo cha Utah, mnyamata wa zaka 21 dzina lake Zach Wilson anaponya mpira umodzi umene unazunguza mitu ya anthu ambiri ku America. Anali atavala kabudula ndi malaya opepuka, kumutu kulibe chisoti. Anathamangira kumanzere, ndipo ali chithamangire choncho anapotoza chiuno n'kuuponya mpirawo kutali, cha mbali imene anachokera, mpira n'kukagwera m'manja mwa mnzake ngati wachita kuuikamo. Akuluakulu a matimu a ligi ya NFL anali chilili m'mbali mwa bwalo. Pofika madzulo kanema wa mpirawo anali ponseponse pa intaneti, ndipo patatha mwezi umodzi timu ya New York Jets inatenga Wilson pa nambala 2 mwa osewera onse ochokera m'makoleji chaka chimenecho. Chimene ochemerera aja sanachitchule n'chakuti m'bwalomo munalibe mdani ngakhale mmodzi. Panalibe chimphona cha makilogalamu 120 chomuthamangitsa, panalibe wotchinga wolimbirana mpirawo, ndipo kaponyedwe konseko anali atakayeserera kwa masabata. Chinali chionetsero, chimene eni ake amachitcha pro day, ndipo ku chionetsero palibe amene amapita ndi mbuzi yowonda.

Ife amene tinakulira mpira wamiyendo tiyenera kuyamba tamvetsa udindo wa munthu ameneyu. Mpira wa ku America umaseweredwa ndi anthu 11 mbali iliyonse, koma suyenda mosalekeza ngati wathu. Umaima n'kuyambanso, ndipo nthawi iliyonse ukamayamba umadutsa m'manja mwa munthu mmodzi, quarterback. Iyeyu amamva malangizo a kochi pa kawailesi ka m'chisoti, kuwauza anzake, kuyang'ana mmene adani aimira, kusintha dongosolo akaona msampha, kenaka n'kulandira mpira. Kuyambira pamenepo amakhala ndi masekondi awiri ndi theka kapena atatu kuti apeze mnzake amene wamasuka ndi kumuponyera, zimphona zinayi kapena zisanu zisanamugwetse. Mpira ukafika kumapeto kwa bwalo ndiye touchdown, chigoli cha masewerowa. Ndiye kaputeni, ndiye wogawa mipira, ndiyenso wosenza mlandu timu ikagonja. Kapezedwe kake n'kosiyana ndi kamene tinazolowera. Ku Ulaya timu yolemera imagula amene yamufuna, yofooka n'kutuluka mu ligi. Ku NFL kulibe zotuluka mu ligi. Matimu 32 amagawana anyamata ochokera m'makoleji pa mwambo wotchedwa draft, umene unayamba mu 1936 ndipo masiku ano umachitika kumapeto kwa Epulo, m'maraundi 7. Timu imene inachita moipa kuposa onse ndi imene imayamba kusankha.

Miyezi itatu draft isanafike, mawailesi ndi manyuzipepala a ku America amakangana funso limodzi: mwa anyamatawa, woposa mnzake ndani? Ine ndikuti funsolo n'lopotoka. Limatenga luso la quarterback ngati chimanga chimene chili kale m'thumba, chongofunika kuchikweza pa sikelo. Mbiri ya draft ikunena zina. Zimene zimayezedwa mosavuta sizilosera zambiri, ndipo gawo lalikulu la yankho silili mwa mnyamatayo ayi, lili m'nyumba imene akukalowa. Mafunso oyenera ndi awiri, ndipo onse ndi odzichepetsa: kodi tamuona kokwanira pamene zinthu zavuta? Nanga ifeyo tili ndi pomulerera?

Nkhani imene aliyense amayambira ndi ya 1998. Chaka chimenecho panali Peyton Manning wa ku yunivesite ya Tennessee ndi Ryan Leaf wa ku Washington State, ndipo akatswiri anagawanika. Lero nkhaniyi imaoneka yosavuta, koma panthawiyo analipo ambiri amene ankati Leaf ndiye mwini mkono wamphamvu, ndipo adzafika patali kuposa Manning amene ankaoneka ngati wakula kale pofika pake. Indianapolis Colts inatenga Manning. San Diego Chargers inali pa nambala 3, ndipo pofuna kukwera sitepe imodzi yokha inapatsa Arizona mwayi wake wosankha m'raundi yoyamba wa zaka ziwiri, wina wa raundi yachiwiri, ndi osewera awiri, n'kutenga Leaf. Leaf anasiya mpira ataponya ma touchdown 14 okha, mipira yake 36 itawakhidwa ndi adani, atapambana masewero 4 mwa 21 amene anayamba. Manning anasankhidwa kasanu kukhala wosewera wopambana onse mu ligi, ulemu umene amautcha MVP, ndipo anatenga kawiri chikho cha Super Bowl. Koma taonani chaka chake choyamba: Colts inapambana masewero 3 mwa 16, ndipo adani anawakha mipira yake 28. Munthu woweruza mu Disembala 1998 akanatha kunena kuti matimu onse awiri ataya ndalama. Kusiyana kumene kunalipo draft isanachitike, kumene aliyense akanakuwerenga pa pepala, n'kwakuti Manning anali atayamba masewero 45 ku koleji pamene Leaf anali atayamba 24.

Amene anasankha Manning anali Bill Polian, mmodzi mwa mabwana olemekezeka m'mbiri ya ligiyi. Patatha zaka 20, mu 2018, Polian yemweyo ali pa wailesi ya ESPN ananena kuti Lamar Jackson wa ku Louisville asiye udindo wa quarterback, akhale wowakha mipira. Jackson anatengedwa pa nambala 32 ndi Baltimore Ravens, anakhala MVP mu 2019 ndi mavoti onse, n'kubwerezanso mu 2023, ndipo Polian anavomera poyera kuti analakwitsa. Sitingabise kuti malangizo otere akhala akugwera kwambiri anyamata akuda. Warren Moon sanasankhidwe n'komwe mu 1978, anakayamba wasewera ku Canada n'kutenga zikho zisanu asanapeze malo ku NFL. Koma ngakhale tsankho litachotsedwa, vuto likadalipo. Ngati diso limene linaona Manning lingalephere kuona Jackson, ndiye kuti nkhani si ya diso lokha. Akatswiri awiri a zachuma, Cade Massey ndi Richard Thaler (Thaleryo anadzalandira mphotho ya Nobel mu 2017), anafufuza zotsatira za draft za zaka zambiri. Anapeza kuti mukayerekeza wosewera ndi mnzake wa udindo womwewo amene anasankhidwa motsatana naye, woyambayo amaposa wotsatirayo ka 52 pa 100 paliponse. Kumeneko n'kungoposa pang'ono kuponya kobiri m'mwamba, komatu matimu amalipira ngati akudziwa motsimikiza.

Chaka chilichonse chakumapeto kwa Febuluwale anyamata oposa 300 amaitanidwa ku Indianapolis ku mwambo wa Combine. Amawayeza msinkhu ndi kulemera, kuwathamangitsa mayadi 40, kuwatambasula chikhatho n'kuyeza kuyambira chala chachikulu mpaka chaching'ono. Mu 2000 kunabwera mnyamata wowonda wa ku Michigan amene anathamanga mayadi 40 m'masekondi 5.28, liwiro la munthu wothamangira minibasi. Ma quarterback 6 anasankhidwa iye asanatchulidwe, ndipo New England Patriots inamutola pa nambala 199. Ameneyo ndi Tom Brady, mwini zikho 7 za Super Bowl. Mu 2020 chikhatho cha Joe Burrow chinapezeka cha mainchesi 9, anthu n'kuyamba kuda nkhawa, mwini wake n'kuseka pa Twitter kuti mwina angopuma pa ntchito asanaiyambe. M'chaka chake chachiwiri anafikitsa Cincinnati Bengals ku Super Bowl. Drew Brees ndi Russell Wilson anthu ankati ndi aafupi, koma nawonso anachita bwino. Mu 2023 kunamveka kuti C.J. Stroud walephera mayeso a S2 oyeza kufulumira kwa ubongo, chaka chomwecho n'kukhala wopambana mwa osewera atsopano a mbali yomwetsa zigoli. Sindikunena kuti Combine n'njopanda ntchito. Madokotala amaunika mabondo ndi mapewa, makochi amacheza ndi mnyamata pamaso ndi pamaso, ndipo zimenezo n'zofunika. Koma tepi yoyezera siiona chimene chimachitika m'mutu wa munthu m'masekondi atatu aja.

Nanga masewero a ku koleji si umboni? Ndi umboni ndithu, koma uli ndi mabodza ake. M'gulu lapamwamba la makoleji muli matimu oposa 130, ndipo ambiri mwa otchinga amene mnyamata amakumana nawo sadzalowako m'bwalo la NFL. Mac Jones wa ku Alabama anafikitsa kwa anzake mipira 77 pa 100 iliyonse mu 2020, koma ankaponyera DeVonta Smith ndi Jaylen Waddle, amene onse anasankhidwa m'manambala 10 oyamba chaka chotsatira. Luso linali la ndani, woponya kapena owakha? Chaka chomwecho Zach Wilson anaponya ma touchdown 33, adani n'kuwakha mipira 3 yokha, koma mliri wa Covid-19 unali utasokoneza ndandanda ya masewero ndipo ambiri mwa matimu amene anakumana nawo anali ofooka. Ngakhale bwalo lenilenilo limanamiza. Mizere iwiri ya pakati imene mpira umaikidwapo ukamayambanso ndi yotalikirana mamita 12 ku koleji, pamene ku NFL ndi mamita osakwana 6. Kotero ku koleji mpira umayambira nthawi zambiri cha m'mbali, n'kusiya dambo lonse mbali inayo, ndipo otchinga amakakamizika kuonetsa msanga kumene alowera. Ku NFL mpira umakhala pafupi ndi pakati, otchinga amabisa cholinga chawo mpaka mpira utayamba. Ku koleji mnzako akamasuka amakhala patali ndi mdani mayadi angapo. Ku NFL kumasuka ndi phazi limodzi, ndipo mpira uyenera kuchoka m'manja mnzakoyo asanatembenuke n'komwe.

Ngati pali timu imene inayesa zonsezi pa thupi lake, ndi San Francisco 49ers. Mu 2021 inali pa nambala 12, ndipo pofuna kufika pa nambala 3 inapatsa Miami mwayi wake wa raundi yoyamba wa zaka zitatu, kuphatikizapo wina wa raundi yachitatu. Inatenga Trey Lance wa ku North Dakota State, mnyamata wamtali, waliwiro, wa mkono ngati legeni, amene mu 2019 anaponya ma touchdown 28 popanda mpira ndi umodzi womwe wowakhidwa ndi adani. Koma Lance anali atayamba masewero 17 okha, m'gulu lachiwiri la makoleji, ndipo mipira yonse imene anaponya ku koleji inali 318. Chaka chotsatira timu yomweyo, pa nambala 262, yomalizira yeniyeni ya draft, inatola Brock Purdy wa ku Iowa State. Womaliza kusankhidwa amapatsidwa dzina lachipongwe lakuti Mr. Irrelevant, kutanthauza munthu wosawerengeredwa. Purdy analibe msinkhu, analibe mkono wodabwitsa, koma anali atayamba masewero oposa 40 ndi kuponya mipira yoposa 1,400, ku timu imene nthawi zambiri inkakumana ndi oiposa mphamvu. Anali atagwetsedwa, atanyozedwa m'mabwalo a eni, atalakwitsa n'kudzukanso Loweruka lotsatira. Mu Seputembala 2022 Lance anathyoka kakolo. Mu Disembala Jimmy Garoppolo, amene analowa m'malo mwake, anathyoka phazi. Purdy analowa, ndipo anasewera ngati munthu amene palibe chomudabwitsa. Mu Febuluwale 2024 anali pa Super Bowl, kumene 49ers inagonja 25-22 kwa Kansas City Chiefs m'nthawi yowonjezera. Lance anali atapita kale ku Dallas mu Ogasiti 2023, posinthana ndi mwayi wa raundi yachinayi, atayamba masewero 4 okha. Kochi anali mmodzi, Kyle Shanahan, bwalo limodzi, anzawo omwewo. N'zoona kuti kuvulala kunamulanda Lance nthawi yophunzira. Koma n'chifukwa chiyani ankafunika nthawi yochuluka chotero? Chifukwa sanaipeze ku koleji, ndipo timu yofuna chikho inalibe yomupatsa.

Akuluakulu a masewerowa anazindikira izi kalekale. Malamulo amene anthu amawatchula ndi dzina la kochi Bill Parcells amafuna mnyamata amene wayamba masewero osachepera 30, wapambana 23, wamaliza sukulu, ndipo mipira yake 60 pa 100 imafika kwa anzake. Mu 2006 David Lewin wa ku Football Outsiders anapeza kuti mwa ma quarterback osankhidwa m'maraundi awiri oyamba, ziwerengero ziwiri zimene zinkalosera bwino zinali kuchuluka kwa masewero amene munthu anayamba ndi kulondola kwa mipira yake. Chifukwa chake n'chomveka. Mnyamata amene wasewera zaka zitatu kapena zinayi, makochi a adani akhala ndi nthawi yoonera makanema ake, kupeza pofooka pake, n'kumukantha pomwepo. Akapirira zimenezo, pali chimene tadziwa. Wa chaka chimodzi palibe amene wamutsutsa. Kuchepa kwa masewero sikutanthauza kuti mnyamatayo ndi wosatha, kumangotanthauza kuti sitikumudziwa. Pamsika chinthu chosadziwika chimayenera kutsika mtengo, koma pa draft chimakwera, chifukwa pamene umboni wathera, maloto ndi amene amapitiriza. Chicago Bears inatenga Mitchell Trubisky pa nambala 2 mu 2017 atayamba masewero 13. Colts inatenga Anthony Richardson pa nambala 4 mu 2023 atayamba 13, ndipo mu 2024 mipira yake yofika kwa anzake sinakwane theka. Pamene Jayden Daniels, wa masewero 55, ndi Bo Nix, wa masewero 61, onse analowetsa matimu awo m'ndime ya chipulula m'chaka chawo choyamba cha 2024. Chiyambireni 2021 osewera a ku koleji amaloledwa kupeza ndalama pa dzina lawo, ndiye ambiri sakuthamangiranso ku NFL, ndipo matimu akulandira anthu okhwima kuposa kale.

Wina anganditsutse, ndipo ali ndi potsamira. Cam Newton anasewera chaka chimodzi chokha ku Auburn, anasankhidwa woyamba mu 2011, n'kukhala MVP mu 2015. Kenny Pickett anakhala zaka zinayi akuyamba masewero ku yunivesite ya Pittsburgh, koma timu ya Steelers imene inamusankha inamusiya patatha zaka ziwiri. Ndipo pali Josh Allen, amene ku Wyoming mipira yake yofika inali 56 pa 100, chiwerengero chimene malamulo a Parcells akanachikana osayang'ananso kawiri, koma anakhala MVP wa 2024. Ndikuvomera: kuchuluka kwa masewero si chitsimikizo, kumangochepetsa mdima. Koma nkhani ya Allen iwerengedwe yonse. M'chaka chake choyamba ku Buffalo Bills mipira yake yofika inali 52.8 pa 100, chachiwiri 58.8, ndipo 69.2 inabwera m'chaka chachitatu. Nthawi yonseyo kochi wamkulu anali mmodzi, Sean McDermott, wokonza maseweredwe anali mmodzi kwa zaka zinayi, Brian Daboll, ndipo mu 2020 timu inamubweretsera wowakha wapamwamba, Stefon Diggs. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Buffalo inadekha. Chiyambire pamenepo timu iliyonse yotenga mnyamata wa mkono wamphamvu koma wosalondola imati yapeza Allen watsopano. Allen amamukumbukira, zaka zitatu zija amaziiwala.

Anzake a Allen a mu 2018 akuonetsa mbali inayo ya nkhaniyi. Baker Mayfield anapita ku Cleveland Browns, timu imene chaka cham'mbuyo inagonja masewero onse 16, ndipo m'zaka zitatu anadutsa m'manja mwa makochi aakulu anayi. Sam Darnold anapita ku Jets, n'kuchotsedwa patatha zaka zitatu atatchedwa wolephera. Josh Rosen anapita ku Arizona, kumene wokonza maseweredwe anachotsedwa sizoni ili pakati, kochi wamkulu n'kutsatira pakutha pake, ndipo Rosen yemwe anagulitsidwa patatha chaka chimodzi. Mu 2022 Mayfield ndi Darnold anakumana ku Carolina Panthers, timu inanso yosokonekera, ndipo onse awiri anachoka osasiya mbiri. Nkhani ikanathera pomwepo, tikanati osaka osewera analakwitsa mu 2018. Koma mu 2024 Mayfield anaponya ma touchdown 41 ku Tampa Bay, ndipo Darnold anaponya 35 ku Minnesota Vikings, timu n'kupambana masewero 14 mwa 17. Mikono inali yomweyo imene anabwera nayo kuchokera ku koleji. Pamene Jackson, amene anatsalira mpaka nambala 32, kutsalirako n'kumene kunamupulumutsa. Anagwera ku timu yokhazikika ya kochi John Harbaugh, ndipo mu 2019 timuyo inaphwasula maseweredwe ake onse n'kuwamanganso potsata miyendo ya Jackson, m'malo momukakamiza kuvala malaya a wina.

Apa ndi pamene draft imadziluma yokha. Lamulo lake limatumiza mnyamata wolemekezeka kuposa onse ku nyumba yodontha kuposa zonse. David Carr anasankhidwa woyamba mu 2002 ndi Houston Texans, timu yongobadwa kumene, ndipo m'chaka chimodzi anagwetsedwa ka 76 mpira uli m'manja. Munthu womenyedwa chotero amayamba kuyang'ana zimphona m'malo moyang'ana anzake, ndipo chizolowezi chimenecho sichichoka msanga. Alex Smith anasankhidwa woyamba mu 2005 ndi 49ers, n'kumalandira wokonza maseweredwe watsopano pafupifupi chaka chilichonse, ngati mwana wa sukulu amene chilankhulo chophunzirira chikusinthidwa teremu iliyonse. Anadzaoneka munthu mu 2011 atabwera kochi Jim Harbaugh. Aaron Rodgers, amene mu draft yomweyo anatsalira mpaka nambala 24, anakhala zaka zitatu pa benchi ku Green Bay akuonerera Brett Favre. Ndipo Smith yemwe uja, atapita ku Kansas City, ndi amene Patrick Mahomes anakhala kumbuyo kwake chaka chonse cha 2017. Mahomes anachokera ku Texas Tech, kumene anagonja masewero ambiri kuposa amene anapambana, ndipo ambiri ankati maseweredwe a kumeneko sagwira ku NFL. Chiefs inali itapambana masewero 12 chaka cham'mbuyo, kochi anali Andy Reid, ndipo panalibe changu. Mu 2018 Mahomes anaponya ma touchdown 50. Anthu a ku Chicago amalira mpaka lero kuti timu yawo inasiya Mahomes n'kutenga Trubisky, koma ayambe afunsa kuti akanafikira m'manja mwa ndani. Chicago yatenga quarterback m'raundi yoyamba mu 2017, 2021 ndi 2024, ndipo ulendo uliwonse kochi wamkulu wachotsedwa chaka choyamba cha mnyamatayo chisanathe kapena chitangotha.

Wotsutsa wachiwiri anganene kuti ndikupezera alesi pobisala. Manning uja sanapite ku timu yoipa? Burrow sanapeze Bengals itapambana masewero awiri okha? Stroud ndi Daniels sanatukule matimu ogwa? Zoonadi, ndipo alipo amene anadzigwetsa okha. Leaf wakhala akuvomera poyera kuti khalidwe lake linamuwononga, ndipo JaMarcus Russell, woyamba wa 2007, Oakland Raiders inamuchotsa mu 2010 nkhani ya kusalimbikira ili pakamwa pa aliyense. Nthaka yabwino simeretsa mbewu yofumbwa. Koma yang'anani bwino amene anapulumukawo. Manning anapeza osewera aluso, Marvin Harrison ndi Marshall Faulk, akumudikira. Stroud ndi Daniels anafika pamodzi ndi makochi atsopano amene anali ndi nthawi. Burrow anaduka mitsempha ya bondo m'chaka choyamba, ndipo chaka chimene anafika ku Super Bowl anali atagwetsedwa ka 51 mu ligi mokha. Andrew Luck, amene aliyense ankavomereza mu 2012 kuti palibe chomukayikira, anasenza Colts ndi thupi lake mpaka mu Ogasiti 2019 anasiya mpira ali ndi zaka 29, atatopa ndi kuvulala. Kuti ochepa amawoloka mtsinje wosefukira si umboni wakuti mlatho n'ngosafunika.

Wachitatu ndiye ali ndi mfundo yolimba kuposa onse. Iye anganene kuti Brady ndi Purdy timawatchula chifukwa ndi osowa, ndipo ambiri mwa ma quarterback otchuka anachokera m'raundi yoyamba. Zimenezo n'zoona, ndipo zikutanthauza kuti osaka osewera si akhungu. Amatha kusiyanitsa gulu la asanu apamwamba ndi gulu la makumi otsalira. Chimene satha ndi kunena kuti mwa asanuwo woyamba ndani, wachitatu ndani. Ndalama nazonso zimalimbikitsa kuyesa. Mu 2010 Sam Bradford analandira kontirakiti ya madola 78 miliyoni asanasewere ndi gemu imodzi yomwe. Mgwirizano wa 2011 unaika malire pa malipiro a osewera atsopano, ndipo Newton analandira madola 22 miliyoni pa zaka zinayi. Lero, pamene Dak Prescott wa ku Dallas amalandira madola 60 miliyoni pa chaka, timu yokhala ndi quarterback wotsika mtengo imatsala ndi ndalama zogulira omuteteza ndi omuwakhira. Kutenga quarterback m'raundi yoyamba si uchitsiru. Uchitsiru ndi kugulitsa nyumba kuti ukwere masitepe angapo, pokhulupirira kuti waona kusiyana kumene mbiri ikuti sikuoneka. Mu 2023 Carolina inachoka pa nambala 9 kupita pa nambala 1 kukatenga Bryce Young, n'kupatsa Chicago mwayi wosankha kanayi pamodzi ndi D.J. Moore, wowakha wake wodalirika. Kunena kwina, inagula woponya polipira ndi munthu amene akanamuponyera. Timu inapambana masewero 2 mwa 17, kochi Frank Reich anachotsedwa patatha masewero 11, ndipo mwayi wa 2024 umene unapita ku Chicago unasanduka nambala 1. Young anayamba kuoneka bwino chakumapeto kwa 2024, koma mtengo unali utalipiridwa kale.

Bwanji nanga anthu anzeru, olipidwa bwino, amabwereza cholakwa chomwechi? Mbali ina ndi mantha. Bwana amene timu yake ikugonja amadziwa kuti quarterback watsopano amagula chiyembekezo cha ochemerera, ndipo chiyembekezo chimagula chaka china pa ntchito. Mbali ina ndi yakuti palibe amene amachotsedwa ntchito chifukwa chotenga munthu amene aliyense ankamuyamikira, pamene wodikira n'kuphonya nyenyezi amanyozedwa moyo wake wonse. Kudziyeza nakonso n'kowawa. N'kosavuta kulemba masamba 40 onena za mapazi a mnyamata wa zaka 21 kusiyana ndi kulemba tsamba limodzi lovomera kuti khoma lathu ndi lobooka ndipo kochi wathu safika Disembala.

Zach Wilson uja anafika ku Jets imene inali itapambana masewero 2 mwa 16. Kochi wamkulu anali woyamba kumene udindowo, wokonza maseweredwe chimodzimodzi, ndipo mnyamatayo anamulowetsa m'bwalo kuyambira gemu yoyamba. M'zaka zitatu anapambana masewero 12 mwa 33 amene anayamba, ma touchdown 23, mipira yowakhidwa ndi adani 25. Mwa ma quarterback asanu a raundi yoyamba ya 2021, pofika sizoni ya 2024 anali Trevor Lawrence yekha amene anatsala ku timu imene inamusankha. Mu Epulo 2024 Jets inapereka Wilson ku Denver Broncos pamodzi ndi mwayi wa raundi 7, n'kulandira wa raundi 6. Sizoni yonseyo sanalowe m'bwalo. Amene ankasewera anali Bo Nix wa masewero 61 uja, wosankhidwa wachisanu ndi chimodzi mwa ma quarterback a chaka chake, pansi pa kochi Sean Payton, ndipo Denver inafika m'ndime ya chipulula koyamba chichokereni sizoni ya 2015.